COF yatha? Momwe mungakonzere mapepala a galimoto musanakumane ndi a trafiki

Mwezi wathawu ndimapita kumaliro kumudzi, galimoto ndinachita kubwereka kwa achimwene anga, kumbuyo kuli azakhali awiri ndi thumba la ufa. Pa rodibuloko ina wapolisi wachizimayi sanafunse nkomwe laisensi, anangopita pagalasi lakutsogolo nkuwerama pang'ono, kenako akuti bwana tatsikani mudzawerenge nokha. Sitika ya COF, ija yosonyeza kuti galimoto inayezedwa, inali itatha masabata atatu apitawo. Ndinayesa kufotokoza kuti galimotoyi siyanga, mayiwo anandiyankha mwaulemu kuti amene ali pachiwongolero ndinuyo, ndiye tikulankhula ndi inuyo. Kumudzi tinakafika thupi litatsika kale m'manda, azakhali aja sanayankhule njira yonse, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa inali nkhani yongoyang'ana pagalasi ndisanalize galimoto.

Ndiye choyamba ndi chimenecho, pitani panja pompano mukawerenge masitika anu. Pamakhala awiri ofunika, ya COF yosonyeza kuti galimoto inayezedwa ndipo ndiyoyenera kuyenda pamsewu, ndi ya inshuwalansi. Madeti ake nthawi zambiri sagwirizana, ina itha kutha mu Juni ina mu Okutobala, apa mpamene ambiri timagwera chifukwa ukakonza imodzi mtima umakhala pansi ngati wamaliza zonse. Galimoto yapakhomo COF yake imakhala ya chaka, koma za pasenjala ngati minibasi zimayezedwa pakatha miyezi 6 iliyonse. Lembani madetiwo mufoni, alamu muyitchere kutatsala mwezi wathunthu osati sabata, ndalama siipezeka tsiku lomwe waifuna. Onaninso laisensi yanu muchikwamamo, nayonso imatha.

Kenako galimoto ipite kaye kwa makaniko wanu musanaganize zokayezetsa. Izi ndikuchonderera makamaka eni maminibasi ndi ma Sienta, musatenge kuyezetsa ngati mwambo wongopezera sitika. Makaniko aone mabuleki ndi handibuleki yomwe, matayala ngati sanathe mpaka mawaya kuonekera, magetsi onse akutsogolo ndi akumbuyo, ma indiketa, hutala, mawaipa, malamba, chiwongolero ngati sichikusewera, ndi galasi lakutsogolo ngati mng'alu uja sunakule. Kababu kamodzi kakufa nkotchipa koma kakhoza kukubwezani. Ndipo chonde zobwereka matayala abwino kwa mnzanu tsiku loyezetsa nkukawabweza madzulo tisiye, anthu amene mudzawanyamule mawa lake mumsewu wa M1 adzakhala pa matayala akutha aja, pamapiri otsetsereka mvula ikugwa sitika siigwira buleki. Ma triangle awiri ofiira aja akhalemo mubuti.

Ineyo ndimayamba ndi inshuwalansi, ndikatero ndiye ndimapita koyezetsa. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi, yochepetsetsa ndi ya third party. Ambiri amaiona ngati msonkho wongotaya koma tamvetsani, imeneyi siyokonzera galimoto yanu ayi, ndi ya munthu amene mungamugunde, wakabaza, mwana wochokera kusukulu, mayi wosenza nkhuni. Ikakhala inatha dzulo inu nkugunda munthu lero, chipukuta misozi chonse chili pamutu panu, ndipo banja lija lidzayamba kuvutika kudikira ndalama zomwe mulibe. Gulani ku kampani yodziwika kapena kwa ejenti wovomerezeka, akupatseni lisiti, masitika achinyengo aliko.

Tsopano koyezetsa. Zonse za magalimoto zili m'manja mwa Directorate of Road Traffic and Safety Services, tonse timangoti ku Road Traffic, ndipo amagwiritsa ntchito sisitimu ya pakompyuta yotchedwa MalTIS momwe muli dzina lanu, zidindo za zala zanu ndi magalimoto olembedwa m'dzina lanu. Tengani blue book (chikalata cha umwini wa galimoto), pepala la inshuwalansi, khadi lanu la trafiki ndi chitupa cha unzika. Maofesi alipo ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso pali malo ena oyezera magalimoto omwe boma linawavomereza. Lawirirani mmamawa, netiweki ikagwa masana mzere suyenda. Lipirani pamalo ovomerezeka okha ndipo lisiti lililonse musunge. Pageti mudzakumana ndi anyamata okuuzani kuti bwana tikuthamangitsireni, madobadoba aja, ena mpaka amati galimoto isabwere nkomwe sitika ikupezani kunyumba. Musalole. Sitika yotero mwina mu sisitimu mulibe, ndiye tsiku lomwe adzaifufuze mlandu sudzakhalanso wa COF yakutha, udzakhala wa chikalata chabodza. Galimoto ikalephera amakuuzani chomwe chalakwika, kakonzeni mubwerenso basi.

Pali kena kamene kamasautsa anthu ambiri ogula galimoto kwa munthu mnzawo, kusintha umwini. Mwagula, mwapatsana ndalama, mwalemberana kakalata, koma blue book ikadali m'dzina la mwini wakale. Pitani naye limodzi ku Road Traffic sabata yomweyo akadali pafupi, chifukwa akadzapita ku Joni kapena kumwalira mudzayenda maulendo osawerengeka. Nanunso ogulitsa zikukhudzani, galimoto ikadzapalamula dzina lotuluka pakompyuta ndi lanu. Abale obwera ndi galimoto ya nambala zakunja kudzera pa Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, yang'anani deti pa TIP, chilolezo cholowetsera galimoto m'dziko muno kwa kanthawi chomwe a MRA anakupatsani paboda, tchuthi chimakoma masiku nkutha osadziwa.

Nanga akakugwirani mapepala atatha kale? Imikani galimoto bwinobwino kumbali, tsitsani galasi, perekani moni, osayamba ndi zoti mukudziwa kuti ndine ndani. Wapolisi ali pantchito yake ndipo sitika yakutha siitsutsika, deti lili pomwepo. Akakulemberani chindapusa funsani kuti mlandu wake ndi uti, lipirani ndipo mulandire lisiti la boma, GR, muone kuti ndalama yolembedwapo ndi yomwe mwaperekadi komanso nambala ya galimoto ndiyolondola. Ngati mukuona kuti akukunamizirani muli ndi ufulu wokana nkhani nkupita kukhoti. Za ya fanta zija musayambitse ndipo wina akayambitsa kanani, opereka ndi olandira onse ndi olakwa pamalamulo a ziphuphu, ndipo a ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu, alipo kuti muwauze. Komanso dziwani kuti GR si COF, mwalipira chindapusa koma galimoto ikadali yosayezedwa, ndiye ulendo wotsatira ukhale wa ku galaja ndi koyezetsa.

Madalaivala olembedwa ntchito, ndikudziwa kuti nkovuta kuuza bwana kuti lero sinditulutsa galimoto pomwe ana akudikira ndiwo kunyumba. Auzeni kutatsala mwezi, mwaulemu, pa WhatsApp kuti uthengawo ukhalepo, jambulani sitikayo muwatumizire, sabata ikatha akumbutseninso. Ine masiku ano ngakhale galimoto ya achimwene anga omwe, ndisanalandire makiyi ndimayamba ndazungulira kutsogolo kukawerenga pagalasi paja.