Chiwongolero chikamanjenjemera pa galimoto yakale ya ma 1920, yambani ndi chasisi

Ngati mukukonza galimoto ngati Rolls-Royce Silver Ghost kapena zinzake za nthawi imeneyo, musathamangire kumasula steering box (kabokosi ka magiya kolumikiza chiwongolero ndi matayala), vuto nthawi zambiri lili pansi. Chasisi yake ndi zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa ngati makwerero, ndiye imapotoka. Mabuleki akutsogolo atabwera (Rolls-Royce anayamba 1924) komanso matayala onenepa a mpweya wochepa aja, kutsogolo kunalemera, ekisero nkuyamba kugwedezeka, chiwongolero chimvekere njenjenje m'manja.

Imikani galimoto posalala, ikani jeke pakona imodzi yakutsogolo nkukweza pang'ono kenako yesani zitseko, zikamakanika kutseka ndiye kuti chasisi ikupotoka kwambiri. Gogodani ma rivet (misomali yomangira zitsulo za chasisi) onse ndi kahamala, makamaka pomwe zopingasa zakumana ndi zazitali. Rivet yolimba imalira bwino, yakhwepa imamveka ngati yagontha ndipo pambali pake mumaona dzimbiri lofiira ngati ufa. Imeneyo chotsani muikemo ina. Ngati pansi pali ndodo zachitsulo zomangira chasisi kuti isagwe pakati, zikungeni zonse mofanana.

Koma chonde musapite kwa wowotcherera kuti aimate zitsulo paliponse, izi zimandipweteka kwambiri. Chitsulo chakale chimang'aluka pambali pa weld, ndipo bodi yake ndi yamatabwa mkati, inapangidwa kuti iziyendera limodzi ndi chasisi, mukalimbitsa malo amodzi mphamvu yonse imathawira pomwe pafooka. Opanga magalimoto eni ake anachita kusintha pulani yonse kuti athane ndi vutoli. Lancia Lambda ya 1922 inaphatikiza bodi ndi chasisi kukhala chimodzi, Cord L-29 ya 1929 inaika zitsulo zopingasana ngati X pakati, ndipo Phantom III ya 1936 ndi yomwe Rolls-Royce anasiyira ekisero imodzi kutsogolo, tayala lililonse nkumadziyendera palokha.

Chasisi ikakhala bwino ndiye bwerani kutsogolo. Kwezani tayala, gwirani pamwamba ndi pansi nkuligwedeza, likamasewera ma kingpin (zitsulo zomwe tayala limatembenukirapo pokhota) kapena ma bush ake atha. Onaninso ma U-bolt a masipuling'i. Castor, kupendekera chakumbuyo kwa kingpin, ikachuluka imabweretsa kunjenjemera komweko, ikachepa galimoto imayenda mwa zendazenda, ndipo mumaisintha ndi kamphero kachitsulo pakati pa sipuling'i ndi ekisero, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri chimodzimodzi.

Tenganinso chingwe muyese Ackermann, njira yoti tayala lamkati lizikhota kwambiri kuposa lakunja pakona, yomwe inalembetsedwa ku England mu 1818. Matayala ali owongoka, chingwe chochoka pa kingpin kudutsa pomwe mkono wa steering wagwirana ndi track rod (ndodo yolumikiza matayala awiri akutsogolo) chizikafika cha pakati pa ekisero yakumbuyo. Chikaphonya patali mkonowo unapindika, nchifukwa chake matayala amalira pakona. Steering box muigwire pomaliza, ndipo musaimange kwambiri chifukwa imadyeka pakati, mukachotsa mpata wonse pamenepo ikakugwirani kumapeto mukukhota.