Kuzungulira chilumba cha Mackinac pa ngolo ya akavalo: zoyenera kudziwa munthu wa ku Mangochi

Kwathu kuno ngolo ndi ya chimanga, mchenga ndi njerwa. Pa chilumba cha Mackinac, m'nyanja ya Huron ku Michigan, m'dziko la America, ngolo ndiyo minibasi, ndiyo takisi, ndiyonso lole ya katundu. Galimoto analetsa mu 1898 chifukwa zinkadzidzimutsa akavalo, ndipo mpaka lero zololedwa n'zochepa, monga ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto. Dzina la chilumbachi amalitchula kuti "Makino", c wakumapetoyo samveka. Ngati mwapita kukaona abale ku Michigan kapena ku Indiana, ulendowu ndi wotheka. Chachikulu n'chakuti muvomereze kuti tsiku limenelo liyenda pa liwiro la kavalo.

Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. Nyengo ya chisanu ikafika mahotela ambiri amatseka, ndipo akavalo ambiri amawawolotsera kumtunda kukadyera ku mafamu. Kuchokera ku Detroit ndi maola ngati anayi pa msewu wa I-75 kufika ku Mackinaw City. Galimoto mumaisiya konko, kapena ku St. Ignace tsidya lina la mlatho wa Mackinac, n'kukwera boti la mphindi pafupifupi 20. Musayerekeze ndi Ilala yochoka ku Monkey Bay: awa ndi maboti othamanga, ndipo pamwamba pake mphepo imaluma ngati mwera wa mu Julayi. Juzi ndi jekete yotchinga mphepo zikhale m'manja, osati pansi pa chikwama. Munthu wozolowera dzuwa la ku Mangochi amanjenjemera ngakhale mwezi womwe eni ake akudandaula kutentha.

Mukatsika padoko, musayambe ndi masitolo. Lunjikani ku ofesi ya matikiti ya Mackinac Island Carriage Tours pa Main Street, pafupi pomwepo. Wofika msanga ndiye amakwera msanga, choncho boti la m'mawa limakupulumutsani ku mzere wa masana. Ulendo wonse ndi pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 45, koma inu patulani maola atatu. Pali kudikira ngolo, pali kusintha ngolo pakati pa njira, ndipo kavalo alibe giya yachinayi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amakwera ngolo kutatsala maola awiri kuti boti lawo lomaliza linyamuke, kenako n'kumayang'ana wotchi m'malo moyang'ana nyanja. Mukaphonya botilo ndiye kuti mugona pachilumba, ndipo chipinda cha kumeneko si cha thumba lobowoka.

Gawo loyamba mumakwera ngolo yokokedwa ndi akavalo awiri. Imadutsa m'tauni, n'kukwera chitunda chodutsa pa Grand Hotel, hotela yomwe inatsegulidwa mu 1887, ya khonde lalitali mamita pafupifupi 200. Pachitundapo woyendetsa amaimika akavalo kuti apume. Si kuti chinachake chawonongeka ayi, ndipo kumufulumizitsa n'kudzichotsa ulemu. Akavalowa ndi a mitundu ya Percheron ndi Belgian, zimphona zofika makilogalamu 900 mmodzi, koma kukoka anthu odzaza ngolo pamtunda si masewera.

Pamwamba, ku Surrey Hill, mumatsika n'kusamukira pa ngolo yaikulu ya akavalo atatu, yonyamula anthu oposa 30. Pamenepa pitani kuchimbudzi, gulani madzi, chifukwa mukalowa m'nkhalango mwayi umachepa. Mbali yoposa 80 peresenti ya chilumbachi ndi paki ya boma, mitengo yokhayokha. Ngolo imadutsa pa manda akale, kenako imaima pa Arch Rock, thanthwe lobowoka ngati khomo, mamita pafupifupi 45 pamwamba pa madzi. Imaima mphindi zochepa chabe. Tsikani ndi foni ili kale m'manja, jambulani, bwererani pampando wanu. Ndipo lowezani nkhope ya woyendetsa wanu, pakuti ngolo zonse n'zofanana. Madzi oonekera pabowolo ndi obiriwira ngati a ku Cape Maclear pafupi ndi Thumbi, koma musanyengeke, ndi ozizira kwabasi.

Chakumapeto ngolo imafika pa Fort Mackinac, linga lomwe Angerezi anamanga mu 1780. Kulowamo n'kulipira tikiti ina. Mukatsikira pamenepo, njira yapansi yobwerera m'tauni ndi yotsetsereka kwambiri. Ngati muli ndi agogo a mawondo ovuta, funsani woyendetsa musanatsike.

Za mpando: kutsogolo mumamva bwino zomwe woyendetsa akufotokoza, komanso mumalandira zonse zochokera kumbuyo kwa kavalo, fungo, ntchentche, nthawi zina ndi zina zomwe. Wodwala mphumu kapena woyetsemula ndi ubweya wa ziweto akhale kumbuyo, mankhwala ali m'thumba. Ana akhale pakati, osati m'mphepete, ndipo asatulutse mikono. Ndowe mumsewu ndi zosapeweka ngakhale osesa amazungulira tsiku lonse, ndiye patapata ndi nsapato zoyera zisiyeni kunyumba.

Malamulo a pansi ndi ochepa koma ndi okhwima. Mumsewu kavalo ndiye woyamba, wanjinga ndi wapansi amapatuka. Musadutse kumbuyo kwake, musamugwire osapempha, musamupatse chakudya. Akavalowa amavala zikopa zotchinga m'mbali mwa maso, choncho munthu wotulukira chammbali samuona mpaka atafika pafupi, ndipo kudzidzimuka kwa nyama yolemera chonchi kumagwedeza ngolo yonse. Ambulera yotsegulidwa mwadzidzidzi pafupi ndi nkhope yake ingachite zomwezo.

Pali makola ena obwereketsa ngolo yaing'ono yoti muyendetse nokha, kulipira pa ola. Akakufunsani ngati munayendetsapo kavalo, nenani zoona, kuti akupatseni wofatsa. Kuyendetsa ngolo ya ng'ombe kwa Chimwala sikukuwerengedwa. Ng'ombe imamvera mkwapulo ndi kukalipa; kavalo amamvera chitsulo chili m'kamwa mwake, cholumikizidwa ku zingwe zomwe mwagwirazo. Mukakoka cha kumanja pang'ono akhota kumanja, mukakoka zonse ziwiri aima. Mukapitiriza kukoka ataima kale, ayamba kubwerera chammbuyo, ngolo n'kupindika chopingasa mumsewu. Mukazilekerera kuti zigwe, iye amatembenukira kwawo kukhola.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja, M-185, ndi wa makilomita 13 kuzungulira chilumba chonse ndipo ndi wosalala. Umenewo usungireni njinga yobwereka madzulo. Kwa munthu wokulira pakati pa akabaza a ku Mangochi ndi ola limodzi ndi theka mosathamanga. Sungani madola angapo m'manja oti mupatse woyendetsa ngolo potsika, poti kumeneko kathokozo kotere ndi mwambo.