Phewa likamabaya pokweza mkono: momwe mungalisamalire

Nyengo yopanga mizere ikafika, odandaula phewa amachuluka. Amisiri opaka pulasitala ndi penti kudenga, amayi osinja ndi odzitwika ndowa, ngakhale atsikana a mpira wamanja, nawonso amalidziwa vutoli. Mkono ukakhala pansi zonse zili bwino, koma kungoti muukweze kuti mupese tsitsi, muyanike zovala kapena muvale malaya, phewa limabaya. Usiku mukagonera mbali imeneyo, tulo timatha.

Kawirikawiri gwero lake ndi minofu inayi imene madokotala amaitcha rotator cuff. Imachokera pafupa lakumbuyo kwa phewa n'kukathera m'minyewa yolimba imene imagwira mutu wa fupa la mkono kuti usachoke m'malo mwake, pakuti kamphako kamene mutuwo umakhalamo ndi kosaya. Umene umavulala kwambiri ndi wapamwamba, wotchedwa supraspinatus, chifukwa umadutsa pampata wopapatiza kunsi kwa fupa la pansonga ya phewa. Munthu akamagwira ntchito mikono ili m'mwamba zaka ndi zaka, mnyewawu umanka nudyeka ngati chingwe chotungira madzi chimene chimakhula pamlomo wa chitsime tsiku ndi tsiku. Mwa anthu opitirira zaka 40 zimenezi n'zofala. Wachinyamata amaung'amba makamaka pogwa kapena ponyamula chinthu cholemera modzidzimutsa.

Choyamba: onetsetsani kuti si vuto lothamangira nalo kuchipatala

Musayambe mwadzithandiza nokha ngati munagwa panjinga, m'mtengo kapena pangozi, ndipo kuyambira pamenepo mkono sukukwera. Mnyewa ukhoza kukhala utadukiratu, ndipo wotere amausoka bwino masabata oyambirira usanakokeke n'kufota. Pitaninso msanga phewa likaoneka kuti laguluka, likatupa ndi kufiira thupi likutentha, kapena mkono ukachita dzanzi.

Pali ululu winanso umene umamvekera paphewa koma gwero lili kwina. Phewa lakumanzere likamapweteka pamodzi ndi chifuwa, kubanika ndi thukuta, ukhoza kukhala mtima. Mayi amene wadumpha msambo, akumva kupweteka m'mimba ndi pansonga ya phewa, aonedwe tsiku lomwelo, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imachita zotero ikamataya magazi m'kati.

Chachiwiri: liyeseni phewalo

Imani chilili, kwezani mkono cham'mbali pang'onopang'ono. Vuto la minyewayi limadziwika ndi ululu umene umayamba mkono ukuyandikira mulingo wa phewa, pakati pa madigiri 60 ndi 120, kenaka n'kuchepa mkono ukafika pamwamba penipeni. Ululuwo umamvekera kunja kwa phewa n'kutsikira chapakati pa mkono, koma nthawi zambiri sudutsa chigongono.

Kenaka pemphani wina akukwezereni mkonowo inu mutaulekerera. Ukakwera bwino, mfundo yake ndi yomasuka ndipo vuto lili m'minyewa. Ukakana ngakhale akuukweza ndi wina, phewa lauma, ndipo ilo ndi vuto lina limene limakonda anthu odwala shuga. Ngati simunayezetsepo shuga, mpata wake ndi umenewo.

Chachitatu: chepetsani ntchito, koma mkono musaumange

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ena amalimbikira khasu mpaka mkono kulephera kunyamula kapu. Ena amaukoleka pansalu mwezi wathunthu, phewa n'kuuma, vuto limodzi n'kusanduka awiri. Zonse ziwiri n'zolakwika.

Kwa sabata ziwiri kapena zitatu siyani ntchito zokweza mikono kupitirira phewa. Ndowa akutwikeni ena, chingwe choyanikapo zovala chitsitseni, katundu munyamule atagunda thupi chigongono chili chopinda. Ntchito zina zonse zopepuka pitirizani. Pogona, gonerani mbali yabwinoyo mutakumbatira pilo, kapena chagada mutaika pilo pansi pa mkono wodwalawo.

Chachinayi: thetsani ululu

Masiku oyambirira ikani ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, katatu patsiku. Kopanda firiji, nsalu yonyowa ndi madzi ozizira imathandizako. Pambuyo pake ambiri amapeza bwino pothowa ndi madzi ofunda. Panado ndi poyambira pabwino. Brufen ndi diclofenac amagwira ntchito, koma amwedwe mutadya ndipo kwa masiku ochepa. Amene ali ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, kuthamanga kwa magazi kapena ndi oyembekezera afunse kaye kuchipatala. Kutemera mphini sikufika pamene pali mnyewa, kumangowonjezera bala. Ndipo ngati mumasuta, dziwani kuti fodya amachedwetsa kupola kwa minyewa.

Chachisanu: mafizo

Mankhwala enieni ndi amenewa, ndipo safuna ndalama.

Yambani ndi kulendewetsa mkono. Weramani, dzanja labwinolo litatsamira patebulo, mkono wodwalawo ulendewere momasuka. Uzungulitseni pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, uku ndi uku. Kenaka yang'anizanani ndi khoma, muyendetse zala kukwera khomalo mpaka pamene ululu wayambira, muime masekondi angapo, mutsike. Lembani ndi khala pamene mwafika kuti muziona kusintha sabata ndi sabata. Muthanso kugona chagada, kugwira mpini wa tsache ndi manja onse awiri, mkono wabwinowo n'kumakweza unzakewo.

Ululu ukayamba kuzizira, pitani pa zolimbitsa. Ikani tawulo yopinda m'khwapa, chigongono chipindike ngati ngodya ya nyumba, mukankhe khoma ndi kuseri kwa dzanja masekondi asanu, mkono osasuntha. Bwerezani kakhumi. Zimenezi zikapepuka, dulani mphira wa chubu chakale cha njinga, muumangirire pachogwirira cha chitseko, muzikoka dzanja likupita kunja chigongono chisanachoke m'nthiti. Tembenukani mukokenso cholowetsa m'kati. Pomaliza kokerani mphirawo kwa inu ndi manja onse awiri, mafupa akumbuyo kwa mapewa akuyandikirana. Chilichonse chichitidwe ka 10 mpaka 15, maulendo awiri kapena atatu, mosathamanga. Kubweza mphira pang'onopang'ono n'kofunikanso.

Kupweteka pang'ono pochita mafizo sikoopsa. Muyeso wake ndi uwu: ngati m'mawa mwake phewa lakula ululu kuposa dzulo, munapyola malire, chepetsani. Minyewa imachedwa kupola chifukwa magazi amafikako ochepa, choncho yembekezerani masabata 6 mpaka 12. Ambiri amasiya sabata yachiwiri n'kumati sizikuthandiza, pamene ntchito inali itangoyamba kumene.

Chachisanu ndi chimodzi: zikakanika

Pakatha masabata 6 popanda kusintha, kapena mkono ukunka nufooka, tengani buku lanu lakuchipatala. Zipatala za m'maboma zili ndi makiliniko ofesala a zamafupa, ndipo iwo akaona kuti n'koyenera amatumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, kumene kulinso akatswiri a mafizo. Musadabwe akakuuzani kuti ekisire sikuonetsa vuto: imaonetsa mafupa, osati minyewa. Yoona minyewa ndi sikani ya ultrasound kapena MRI. Komanso sikani ikaonetsa kung'ambika, sindiye kuti basi opaleshoni, chifukwa okalamba ambiri ali ndi minyewa yong'ambika koma samva kanthu.

Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, wobaya paphewa amachepetsa ululu kwa masabata angapo kuti muthe kuchita mafizo, koma salumikiza mnyewa, ndipo kubayitsa pafupipafupi kumaufooketsa. Kwa odwala shuga amakwezanso shuga kwa masiku angapo. Opaleshoni amaiganizira mnyewa ukadukiratu pangozi, kapena mafizo akalephera kwa miyezi ingapo. Mukachitidwa, mkono umakhala wokoleka pafupifupi masabata 4 mpaka 6, ndipo khasu kapena thumba la simenti simuligwira kwa miyezi ingapo. Ngati si yadzidzidzi, kambiranani ndi dokotala kuti tsiku lake ligwe mutakolola, ndipo mupezeretu wokulimirani nyengo yotsatirayo.