Mmene mungatsatire nkhani za mapiri ophulika muli ku Salima konkuno

Chivomezi cha mu Marichi 1989 chinandipeza ndili mwana ku Salima. Mayi anatitulutsa usiku, mbale zikugwa pa thandala, tinagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Kuyambira pamenepo nkhani za pansi pa nthaka sindiziphonya.

Nyanja yathuyi ili mu mng'alu waukulu wa Rift Valley, womwewo uli ndi phiri la Nyiragongo ku Congo ndi Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja. Choncho za kumeneko si zachilendo kwa ife.

Yambani ndi lipoti la sabata ndi sabata la Global Volcanism Program, lomwe bungwe la kafukufuku la ku America la Smithsonian limatulutsa pa intaneti mogwirizana ndi USGS, bungwe la boma la America loona za nthaka ndi zivomezi. Amasonkhanitsa zomwe aona akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo a mu mzinda wa Goma ku Congo amene amalondera Nyiragongo. Ndi mawu ambiri, zithunzi zochepa, bandulo yanu ya intaneti siitha msanga.

Wina akakutumizirani kanema wa chiphalaphala pa WhatsApp, musamugawe msanga. Onani kaye tsiku. Nyiragongo inaphulika mu 2002, kenaka pa 22 Meyi 2021, ndipo makanema akalewo amabwerera ngati a dzulo, n'kuopseza anthu pachabe. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Nthaka ikagwedezeka kwanuko, mukatuluka panja yang'anani nthawi, muilembe. Lembaninso zomwe mwaona: madzi a mu ndowa kukhavukira, khoma kung'aluka. Kenaka dzazani fomu ya pa intaneti ya USGS yofotokozera mmene mwamvera chivomezi, yotchedwa Did You Feel It?, muuzenso a nthambi ya boma yoona za nthaka ndi miyala ya Geological Survey ku Zomba.