Musathamangire kosindikiza buku lanu

Alembi anzanga a kuno ku Salima, buku mukalimaliza musathamangire nalo ku Lilongwe kokasindikiza. Liyambe lagona mwezi wathunthu, kenako muliwerenge mokweza. Pomwe lilime lapunthwa, pamenepo pali vuto.

Mkonzi musamulipire musanaone ntchito yake. Mpatseni masamba asanu okha ayesere. Akangokonza mipumiro ndi kalembedwe ka mawu, osafunsa komwe mtsikana wa m'mutu woyamba uja wasowera pakati pa nkhani, ameneyo sanafike pa nkhani yeniyeniyo, ndipo mtengo wake utsike. Achibale asiyeni, adzangoti lili bwino.

Pogula mabuku odzisindikizira, chikuto chowala chisakunamizeni. Tsegulani pakati, poti tsamba loyamba aliyense amalisalaza. Nambala ya ISBN, ija yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives (kosungira zolembedwa zakale za dziko) ku Zomba, koma siitsimikiza kuti nkhaniyo ndi yokoma.