Momwe mungayendere nyanja ya Malawi pa boti la thanga n'kumagona momwemo

Nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo ngati muli ndi boti la thanga la mamita 8 kapena 9, lokhala ndi kachipinda kogona, mutha kukhala pamadzi mwezi wathunthu mukuyenda dooko ndi dooko kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Likoma. Matanga si achilendo panyanjayi. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaoloka nazo akapolo ndi minyanga m'zaka za m'ma 1800, ndipo zinkanyamuka pokhapokha mphepo ikalola. Inunso ulendo wanu udzakonzedwa ndi mphepo, osati kalendala ya tchuthi chanu.

Choyamba, sankhani miyezi

Kuyambira Meyi mpaka Seputembala kumawomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa. Ukayamba umatha masiku angapo osaleka, ndipo mafunde ake ndi afupiafupi, ophwanyika pamwamba, otopetsa boti ndi munthu yemwe. Koma kwa wopita kumpoto, mwera womwewo ndiye injini yaulere, chifukwa umakankha kumbuyo. N'chifukwa chake mpikisano wa maboti a matanga umene umachitika chapakati pa chaka umayambira ku Mangochi kulowera kumpoto. Nyengo ya dzinja kumabwera mpoto ndi mabingu odzidzimutsa. Woyamba kumene asayerekeze. Ine ndingati nyamukani kumapeto kwa Ogasiti, mwera ukamayamba kufooka, mudzabwerere mu Okutobala kapena Novembala.

Kenako konzani boti ndi mapepala

Lembetsani boti ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, ndipo mapepalawo muwasunge m'pulasitiki. Aliyense akhale ndi jekete yoyandamitsa yomukwana. Kainjini kakang'ono ka kumbuyo n'kofunika polowa padooko komanso mphepo ikatheratu, koma petulo sapezeka paliponse, choncho tengani wa m'zigubu. Sola imodzi ndi batire zikwanira kuyatsa nyali ndi kutchaja foni. Anangula akhale awiri, ndipo wamkuluyo akhale ndi tcheni, osati chingwe chokha, chifukwa miyala ya pansi pa nyanja imadula chingwe usiku umodzi.

Musananyamuke phunzirani kuchepetsa thanga mpaka manja azolowere. Thanga limachepetsedwa mphepo isanafike pachimake. Boti likayamba kupendekera mpaka mbale kugwa m'kachipinda, mwachedwa kale.

Dziwani kogona musanazule nangula

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Monkey Bay ndi dooko lobisika bwino pakati pa mapiri, kwawo kwa sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ku Chembe, ku Cape Maclear, gombe linayang'ana kumpoto chakumadzulo, ndiye mwera ukamaomba mumagona tulo tabwino, koma mpoto ukabwera malo omwewo amasanduka oopsa. Khalani kumeneko masiku angapo, muzizungulira Thumbi, Domwe ndi Mumbo, kuti muzolowere boti lanu. Zilumba zimenezi zili mu paki ya Lake Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Mumalipira polowa, ndipo kuwedza mkati mwa mamita 100 kuchokera kumtunda kwa paki n'koletsedwa, ngakhale nsomba za mbuna zikudzazana pansi pa boti.

Mukadutsa Senga Bay, gombe la kumadzulo ndi lamchenga, losaya, ndipo mwera umalimenya mwachindunji. Kuchokera pamenepo kukafika ku Nkhotakota ndi pafupifupi makilomita 100. Boti laling'ono limayenda makilomita 8 kapena 9 pa ola mphepo ikakhala yabwino, ndiye werengerani nokha: ndi tsiku lathunthu, kunyamuka kusanache. Panjira pali chilumba cha Mbenji, koma musangotulukira. Chili ndi malamulo a makolo pansi pa Mfumu Makanjira: mowa suloledwa, amayi saponda, ndipo nyengo ya dzinja chimatsekedwa kuti nsomba ziswane. Ku Nkhotakota kamtunda ka mchenga ka Sungu kamatchinga mafunde, koma mkatimo ndi mosaya kwambiri, moti Ilala imaima patali n'kutsitsa anthu ndi maboti ang'onoang'ono. Lowani dzuwa lili pamutu, munthu mmodzi ali kutsogolo akuyang'ana mtundu wa madzi. Malo ena obisika bwino mudzawapeza ku Nkhata Bay.

Poponya nangula, tulutsani tcheni ndi chingwe zotalika kasanu kuposa kuya kwa madzi. Kenako sankhani mtengo ndi phiri kumtunda zimene zayang'anizana, muzionenso pakatha theka la ola. Zikasiyana, nangula akukoka, zulani muponyenso. Musagone pafupi ndi mathiriro a mitsinje ngati Linthipe, Bua ndi Dwangwa, kapena m'mabango, chifukwa n'kwawo kwa ng'ona ndi mvuu.

Funsani asodzi, ndipo muwapatse njira

M'mawa uliwonse mverani uthenga wa nthambi ya zanyengo pa wailesi, imachenjeza mwera ukamabwera. Koma mukaona mabwato onse akokeredwa kumtunda, asodzi ali pansi pa mtengo akusoka maukonde dzuwa lili gee, musazule nangula ngakhale foni ikunena kuti kuli bata. Mukafika padooko lachilendo, tsikani mukalonjere a komiti ya pagombe kapena a nyakwawa, munene kumene mwachokera. Iwowo ndi amene adzakuuzeni pali mwala wobisika, ndipo boti la mlendo amene walonjera silikhudzidwa wamba.

Usiku pewani kuyenda. Mwezi ukakhala mumdima nyanja imadzaza ndi nyali za asodzi a usipa, ndipo matchera amatchedwa opanda chizindikiro china koma kachigubu koyandama. Mukakola ukonde wa munthu ndi chiwongolero, mwamuphera ganyu wa chaka, ndipo mudzalipira.

Moyo wa m'botimo

Madzi ndi opanda mchere, ndiye kuchapa ndi kusamba si vuto. Akumwa tungani kutali ndi midzi, muwiritse kapena muthire WaterGuard. Kolera wa 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Sambirani pakuya, osati m'madzi odekha a m'mbali momwe muli nkhono za likodzo, ndipo mukabwerera kumtunda mukayezetse. Neti ya udzudzu ipachikeni ngakhale muli pamadzi. Phikirani pa gasi womangirira bwino. Mbaula ya makala m'boti logwedezeka ayi. Ufa, mpunga wa Kilombero, nyemba, anyezi ndi mchere zimasungika. Ndiwo zidzakupezani zokha m'mawa, bwato likamadutsa ndi utaka kapena kampango, koma khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba, pakuti netiweki ya Mpamba ndi Airtel Money imasowa malo ena. Chakumpoto mukaona ngati utsi wakuda ukutuluka m'madzi, ndi tizilombo touluka totchedwa nkhungu. Tsekani kachipinda, vundikirani mapoto, zidutse.

Kuolokera ku Likoma

Kuchokera ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 70 a nyanja yakuya, opanda pothawira. Dikirani tsiku lodekha, muuze wina kumtunda nthawi imene mukuyembekeza kufika. Chizumulu chimayamba kuoneka, Likoma ali kuseri kwake, ndipo zonse ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Tauni ya Cobué ya ku Mozambique imaonekera pafupi kwambiri, koma musakocheze kumeneko musanadindise pasipoti ku ofesi ya olowa ndi kutuluka ya pa Likoma.