Foni ikathima n'kukana kulowa moto, musathamangire kunena kuti yafa

Mwailumikiza ku tchaja koma sikirini ili bii. Kabatire kaja sikakuoneka, sikunjenjemera, kanyali sikakuyaka. Anthu ambiri akafika apa amangoti foni yafa, pomwe nthawi zambiri imakhala ili moyo. Zomwe zimaimaliza ndi zimene mwiniwake amachita mu ola loyamba chifukwa cha phuma: kutokosa pabowo potchajira ndi singano, kuiyanika padzuwa ati idzuke, kapena kuthamanga nayo kumsika kwa munthu amene chilichonse amati "tiiflashe", kutanthauza kulembanso pulogalamu ya foni. Langizo langa ndi lakuti kufufuza kuyambire kukhoma, kubwere kumutu wa tchaja ndi chingwe, kenako pabowo, ndipo za m'kati mwa foni zikhale zomalizira. Tizinthu totchipa ndi timene timafa kawirikawiri.

Musanayese chilichonse, iyang'aneni foniyo cham'mbali. Ngati kumbuyo kwatukuka, kapena sikirini yayamba kunyamuka m'mphepete, kapena mukaigoneka patebulo ikutekeseka, batire latupa. Pamenepo musaiikenso pamoto ngakhale pang'ono. Batire la lithium likatupa ndiye kuti m'kati mwake mwapangika mpweya, ndipo mukalipanikiza kapena kuliboola limatha kuyaka. Iikeni pasimenti, kutali ndi matilesi, makatani ndi ana, mpaka mutapita nayo kokasinthitsa batire. Malangizo otsatirawa ndi a foni yomwe sinatupe.

Soketi iyeseni ndi chinthu china, wailesi kapena nyali, ndipo muone ngati switchi yake ndi yoyatsa. Masoketi athu ndi a mano atatu, koma matchaja ambiri a pamsika ndi a mano awiri ozungulira, omwe timalowetsa mochita kukakamiza. Tchaja yotere imalendewera, ndipo kugwedezeka pang'ono kokha moto waduka. Ekisitenshoni yotchipa nayonso imafa bowo limodzi ena akugwira. Amene mumatchaja pa sola, dziwani kuti babu limatha kuyaka pomwe moto wotsala m'batire la solayo ndi wosakwana kudzutsa foni, makamaka m'mawa kapena kukachita mitambo masiku angapo. Kayeseni kwa neba kapena pamalo otchajitsa pomwe mafoni ena akulowa moto inu mukuona.

Mutu wa tchaja ntchito yake ndi kutsitsa magetsi a 230V kuti afike pa 5V amene foni imayambira kulandira. Magetsi akabwera mwamphamvu atathima, kapena mphenzi ikagunda pafupi, umenewu ndi umene umayamba kupsa, ndipo umapsera m'kati osaonetsa chilichonse kunja. Pamutupo pamakhala timalemba ting'onoting'ono: mukaona 5V ndi 1A ndi wofooka, wa 2A kapena kuposa ndi umene mukufuna pa foni yomwe yatheratu moto. Musadalire bowo la USB la pakompyuta, chifukwa lakale lija limangotulutsa 0.5A basi.

Chingwe ndiye chimene ndimachikayikira kuposa zonse. Chimaduka m'kati, pakhosi pomwe chimapindika tikamagwiritsa ntchito foni ili pamoto, kunja chikuoneka chabwinobwino. Zingwe zotchipa zimakhala ndi timawaya tochepa kwambiri moti moto umafika kufoni utachepa, ndipo chikatalika vutoli limakula. Poyesa, sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Tchaja yanu yonse iikeni pafoni ya mnzanu. Kenako tchaja ya mnzanuyo, yomwe mwaiona ikugwira, iikeni pafoni yanu. Ndiye musinthanitse chingwe chokha, mutu womwewo. Mukasintha zonse pakamodzi foni n'kuyaka, simudziwa chomwe chinali cholakwika, ndipo mawa mudzagula mutu watsopano pomwe chakufa ndi chingwe. Ngati foni yanu ndi ya Type-C, bowo lomwe chingwe chimalowa mbali iliyonse, yesaninso kutembenuza kamutu ka chingwe. Ikalowa moto mbali imodzi yokha, ndiye kuti pabowo pali litsiro kapena timano tina tawonongeka.

Tifike pabowopo, chifukwa apa ndi pamene mafoni ambiri amapezekera vuto, komanso pamene eniake amawaonongera. Foni imakhala m'thumba la thalauza, m'chikwama momwe muli nyenyeswa za chilichonse, kapena yomangidwa pamfundo ya chitenje. Ubweya wa nsalu, fumbi ndi ufa zimalowa pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse mukalowetsa tchaja mumazisindikizira m'kati, mpaka zimapanga kachigamba kolimba kumapeto kwa bowo. Chizindikiro chake n'chosavuta: tchaja sikulowa yonse, pakutsala kampata, sikumveka kugwira, ndipo ikugwa yokha mukanyamula foni. Mwina kwa masabata angapo mwakhala mukuchita kuitsamiritsa pakhoma kapena kuimanga ndi mphira kuti ilowe moto.

Unikani ndi tochi. M'mabowo a Type-C ndi a V8 (bowo lakale lija la mafoni a Android) mumakhala kalilime pakati, ndipo timano tolandira moto tili pakalilimeko. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, kasongoleni kuti kapyapyale, ndipo muzikokolola litsirolo mozungulira kalilimeko, osakakankha kapena kukatsamira. Kakathyoka ndiye kuti bowo lonse lasinthidwa. Ma iPhone a tchaja ya Lightning, kuyambira iPhone 5 mpaka 14, alibe kalilime, timano tawo tili pakhoma la bowo, choncho musapale mwamphamvu. Mudzadabwa kukula kwa kachigamba komwe kangatuluke m'kabowo kakang'ono chotero. Singano, pini ndi waya ayi ndithu: chitsulo chimapala timano, ndipo chimatha kugunditsa awiri omwe sayenera kukhudzana. Kuuzira ndi pakamwa nakonso kumangolowetsa chinyezi. Mukaona m'bowomo muli zobiriwira, zoyera ngati mchere kapena zakuda ngati zopsa, limenelo si fumbi. Ndi dzimbiri kapena kupsa, ndipo kamtengo sikangathandize.

Bowo layera, tchaja ndi yotsimikizika, koma sikirini ikadali yakuda. Apa chofunika ndi kudekha. Batire la foni likadzaza limakhala pa 4.2V kapena kupitirira pang'ono, ndipo foni imazima yokha lisanafike pansi penipeni. Koma ikakhala yozima masiku ambiri, monga mmene zimakhalira kumudzi magetsi akasowa kapena foni ikaiwalika m'sutikesi, moto wotsalawo umapitirira kutsika mpaka kachipangizo koteteza batire kamalitseka. Likafika pamenepo foni siililowetsa moto wambiri nthawi yomweyo. Imayamba ndi wochepa kwambiri, monga mmene munthu amene wagona ndi njala masiku angapo timamuyambitsira phala, nsima pambuyo. Nthawi yonseyi sikirini siionetsa kanthu, chifukwa moto woti n'kuyatsira ngakhale kabatire kaja sunakwane. Isiyeni pa tchaja ya kukhoma kwa mphindi 30, ndipo ngati yakhalitsa yozima, ola lathunthu. Musamaidinedine batani loyatsira mphindi ziwiri zilizonse, chifukwa kuyesa kuyaka kulikonse kumadya kamoto komwe kangolowa kumene, ndipo mumabwerera poyambira.

Pakatha mphindi 15 kapena 20, gwirani kumbuyo kwake. Kakutentha pang'ono ndi nkhani yabwino, moto ukulowa. Ikakhala yozizira ngati sinalumikizidwe, mwina palibe chikulowa. Ikatentha moti simungaigwire bwino, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopsa, izuleni msanga: m'kati muli pomwe pagundana.

Pali foni ina yomwe imaoneka yakufa koma kwenikweni yangouma, pulogalamu yake yaima sikirini ili yozima. Imeneyi kudina kamodzi sikuithandiza, imafuna kuikakamiza kuti iyambirenso, ndipo kutero sikufufuta kalikonse. Pa Samsung, kanikizani pamodzi batani loyatsira ndi lotsitsira voliyumu kwa masekondi opitirira 7. Pa mafoni ena ambiri a Android, kanikizani loyatsira lokha kwa masekondi 30 osalisiya, ndipo ikakana yesani pamodzi ndi lotsitsira voliyumu. Pa iPhone 8 ndi zonse zobwera pambuyo pake, dinani lokwezera voliyumu n'kusiya, dinani lotsitsira n'kusiya, kenako kanikizani la m'mbali mpaka chizindikiro cha Apple chioneke. Ambiri amasiya msanga. Werengani masekondiwo mokweza. Ngati m'malo moyaka bwino yatulutsa mndandanda wa mawu achingerezi pa sikirini yakuda, musasankhe pomwe palembedwa "wipe" kapena "factory reset", chifukwa pamenepo ndi pofufutira zonse. Sankhani pa "reboot".

Nthawi zina chakufa ndi sikirini, foni ili moyo. Imbirani nambala yanu pafoni ina. Ikalira kapena kunjenjemera, kapena alamu ya m'mawa ikalira monga mwa masiku onse, musavutikenso ndi matchaja. Izi zimachitika kwambiri foni ikagwa, ngakhale galasi lisanasweke.

Za madzi ndinene mwamphamvu. Foni yomwe yanyowa, kaya ndi mvula ya pa kabaza, kaya yagwera m'beseni kapena m'nyanja, musaiike pamoto kuti muone ngati ikugwira. Magetsi akadutsa ponyowa amadya timizere ta pabodi ya m'kati mwa foni mofulumira, ndipo foni yomwe ikanapola ikanangouma imafera pa tchaja. Chotsani kabati ka simu khadi, igwedezeni pang'ono bowo litayang'ana pansi, ndipo muisiye pamthunzi podutsa mphepo tsiku lathunthu. Za mpunga zija zisiyeni. Ngakhale a Apple amaletsa, poti tizidutswa ta mpunga timalowa m'mabowo. Mafoni ena, monga a Samsung, amakana dala kutchaja akamva chinyezi pabowo ndipo amaonetsa kadontho ka madzi. Kumeneko si kuwonongeka, ikudziteteza. Ngati inamira ndithu, ipite kwa okonza akaitsuke m'kati ngakhale itayaka, chifukwa dzimbiri limadzaonekera patapita masiku.

Kutentha nakonso kumaimitsa kutchaja. Mafoni anapangidwa kuti azigwira bwino mpaka pa madigiri 35, ndipo mu Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumapitirira 40. Foni yoikidwa pambali pa kasola padzuwa, kapena pa dashibodi ya minibasi, imatha kuzima n'kukana moto mpaka itazizira. Sola ikhale padzuwa, foni pamthunzi. M'firiji ayi, mumachita chinyezi.

Amene muli ndi foni yochotseka batire, litulutseni, pukutani timano take tagolide ndi kansalu kouma, dikirani kamphindi n'kulibwezera. Mukapeza batire lofanana nalo kwa mnzanu, yesani. Koma zogunditsa batire la foni ndi mawaya ku batire la galimoto ati kulibusta, musayerekeze: la galimoto ndi la 12V, pafupifupi katatu mphamvu ya batire la foni.

Zonsezi zikakanika, ndiye nthawi yopita kwa okonza yakwana. Yambani mwafunafuna lisiti. Ngati foni ili pa waranti, pitani nayo komwe munagula kapena kwa ovomerezeka, poti ikangotsegulidwa kwina warantiyo yatha. Mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix ndi a kampani imodzi, Transsion, ndipo okonza awo ovomerezeka ndi a Carlcare. Musanaisiye m'manja mwa aliyense, chotsani simu khadi ndi memory card. Ndalama zanu za pa Airtel Money kapena Mpamba zili panambala yanu, sizinafere m'fonimo, choncho simu mukaiika m'kafoni kena muzipeza, ndipo n'chifukwa chake siyenera kutsala pabenchi ya munthu. Lembaninso IMEI, nambala yapadera yozindikirira foni yanu, yomwe ili pakatoni ya foni, kuti podzatenga mudzatsimikize kuti ndi yomweyo.

Wokonza wodziwa ntchito sayamba ndi sikuludiraiva. Amayamba ndi kamita komwe amakalumikiza pakati pa tchaja ndi foni, ndipo kamaonetsa kuchuluka kwa moto umene foni ikukoka. Mupempheni kuti ayeze inu mukuona. Kakaonetsa 0.00A, moto sukudutsa n'komwe, ndipo kawirikawiri vuto limakhala pabowo potchajira. M'mafoni ambiri a Android bowolo lili pakabodi kakang'ono kapadera komwe kamasinthidwa mosavuta, ndipo mtengo wake sufika patali. Ngati moto ukulowa koma foni sikuusunga, batire latha ntchito, zomwe sizodabwitsa pa foni ya zaka ziwiri kapena zitatu yotchajidwa tsiku lililonse. Ntchito yodula ndi ya pabodi yaikulu, pomwe pali kachipangizo koyendetsa kutchaja. Imeneyo imafuna munthu wa zida zowotcherera tizinthu ting'onoting'ono, ndipo si aliyense wokhala ndi kabenchi pamsika amene angaithe. Funsani mtengo ntchito isanayambe, muuyerekeze ndi mtengo wa foni ina yofanana nayo.

Akakuuzani kuti aiflasha, funsani kuti kamita kaonetsa chiyani. Kuflasha ndi kulembanso pulogalamu ya foni, ndipo kumathandiza yomwe ikuyaka n'kuima pa dzina la kampani. Sikungalumikize kano kothyoka kapena kudzutsa batire lakufa, koma kumatha kufufuta zithunzi, manambala ndi mauthenga a pa WhatsApp omwe simunawasunge ku Google. Foni yoflashidwa imathanso kukufunsani imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google yomwe inalimo, ndiye ngati anakutsegulirani ndi mwana wa mlongo wanu kapena wogulitsa foniyo, muzipeze kaye musanavomere. Ndipo chilichonse chomwe asintha, kaya ndi batire kaya ndi kabodi kotchajira, chakalecho akupatseni m'manja.